Mitima iwiri ya atsibweni a Lingisoni

Abale agwirizana kuti pachiliza cha atsibweni a Lingisoni palembedwe mawu akuti Dokotala. Mwala wagulidwa kale, ndipo Loweruka likubwerali ansembe adzaudalitsa. Poti ine ndine mphunzitsi, andipatsa ntchito yolemba mbiri yawo yoti ikawerengedwe kumanda. Ndayesa katatu. Ndikangofika pa mawu akuti anali munthu wokonda abale ake, dzanja limauma. Ndiye ndalemba inoyi, imene palibe anandituma.

Ndineneretu: atsibweniwa sindinkawakonda, ndipo zaka zitatu zimene agona kumanda sizinandifewetse mtima. Anali mlongo wawo wa amayi anga, mwinimbumba wathu kumudzi kwathu kufupi ndi Kamwendo. Udokotala sanauphunzirepo. Ali mnyamata anawoloka malire n'kukapeza ntchito pachipatala china ku Zambia, ndipo ntchitoyo inali yokolopa. Anakolopa zaka khumi ndi zisanu, m'makonde, m'mawodi, kenako m'chipinda cha opaleshoni. Kukolopa si ntchito yochititsa manyazi, ndipo akanabwera n'kutiuza kuti ankakolopa, bwenzi lero ndikuwalira. Koma iwo anabwera ndi jekete loyera, sutikesi ya mapiritsi ndi chopimira pachifuwa chothetheka paipi imodzi, n'kulola anthu kuwatcha Dokotala mpaka dzina lawo lenileni linangotsala pachiphaso.

Anali aatali, owonda, a maso ofiira ndi utsi wa chingambwe. Pakhonde pawo panali mpando wandalema umene palibe wina ankaukhalira, ngakhale akazi awo aNambewe, amene ankaupukuta m'mawa uliwonse. Odwala ankakhala pansi, iwo ali gada pampandopo, kufunsa mafunso m'Chinyanja cha ku Zambia chothira Chingerezi chothyokathyoka. Tsiku la msika ankamanga sutikesi pa njinga n'kukaitsegula pa Kamwendo, pafupi ndi pokwerera minibasi. Wodwala mutu, wotsegula m'mimba, wosabereka, onse ankachoka ndi timapiritsi tokulunga m'kapepala. Wina akayerekeza kufunsa kuti bwanji namwino anena zosiyana, yankho linali limodzimodzi: inu chipatala mumachionera kukhomo, ine ndimachidziwa kuseri kwake. Mawu amenewa ankatseka pakamwa pa aliyense, ndipo ine ndinakula ndikuwakhulupirira monga ndinkakhulupirira katekisimu.

Mankhwala amene ankawakonda kuposa onse anali asipirini. Ankameza anayi m'mawa ndi tiyi, ena awiri madzulo, kaya akudwala kaya ali bwino. Ankati asipirini amatsuka magazi, ndipo munthu wosamwa asipirini magazi ake amakhala ngati phala. Akadzicheka pometa ndevu, kabala kosaoneka n'komwe kankachucha mpaka dzuwa kukwera, kukhathamiritsa kapepala kamene amatapo, kudontheza pakolala ya jekete loyera lija. Akagunda mwendo pa pedulo, pankatuluka chikanga chakuda chokhala milungu. Iwo ankanyadira zimenezi. Ankati taonani, magazi anga ndi amoyo, sagona.

Koma chimene ankanyadira kwambiri chinali mtima wawo wachiwiri. Atakalambako, pamwamba pang'ono pa mchombo wawo panayamba kugunda. Akagona chagada pampando paja, malaya ankachita kunyamuka n'kutsika, kunyamuka n'kutsika. Ankaitana anthu kuti agwirepo. Amuna akuluakulu a ndevu zawo ankagwada, kuika chikhatho pamimba pawo, n'kuchotsa msanga ngati agwira mbaula. Atsibweni ankaseka n'kunena kuti Mulungu anawapatsa mitima iwiri chifukwa amasenza mavuto a anthu ambiri. Ine ndinkangoti chamumtima, umodzi womwewo ukanakhala wogwira ntchito bwenzi zili bwino.

Chaka china kunabwera mnyamata wa zachipatala wochokera kumpoto, amene anatumizidwa kudzagwira ntchito pa boma. Anafika kumudzi kwathu pa nkhani ya katemera, ndipo anthu anamutengera kwa atsibweni kuti akaone zodabwitsazo. Iye anagwirapo, nkhope n'kusintha. Anawauza mwaulemu kuti umenewo si mtima, koma mtsempha waukulu wochokera kumtima wotsikira m'mimba, umene wafooka n'kutupa monga chimatupira chubu cha njinga pamalo pothetheka. Anati tsiku lina udzaphulika, ndipo ndi bwino apite ku Lilongwe akawaunike usanatero. Anawapemphanso kuti asiye fodya, ndi kuti akawauze madokotala za asipirini aja. Atsibweni anamuyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kumutu.

"Iwe, pamene ine ndimalowa mu fiyeta, mochitira opaleshoni, unali utabadwa?"

"Ayi, bambo, koma zimene ndikunenazi..."

"Ndiye dzuka. Ukauze amene anakutumawo kuti pamimba pa Lingisoni sipadzadutsa mpeni."

Anthu anaseka, mnyamatayo n'kukwera njinga yamoto yake. Ine ndinali pomwepo, ndipo sindinaseke, komanso sindinawachonderere kuti apite. Nthawi imeneyo n'kuti ndili nawo kale mlandu mumtima, mlandu wa mkulu wanga Felista.

Felista ndiye anandilera. Amayi ankakhalira kumunda, ndipo amene ankandisambitsa, kundiluka tsitsi ndi kundimenya ndikajomba kusukulu anali iyeyo. Anamwalira zipani zitangochuluka kumene, nthawi imene mphekesera zinkayenda kuposa minibasi. Aliyense wogula galimoto ankanenedwa kuti wakhwima, ndipo nkhani za anamapopa zinali pakamwa pa anthu paliponse. Felista anali ndi mwana mmodzi, Monika, wa zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo anapita kukachira wachiwiri kuchipatala china cha mishoni. Mwana anabadwa m'mawa, wamwamuna. Chakumasana namwino anatuluka n'kutipeza pakhonde, tilipo anthu ngati khumi a mbumba yathu.

"Mwana ali bwino," anatero, "koma mayi ake magazi sakusiya. Amene tinali nawo tamuika, atha. Tikufuna abale atatu kapena anayi, tiwayeze, amene agwirizane naye apereke. Tifulumire."

Tonse tinayang'ana atsibweni, chifukwa kwathu nkhani yotere sayankha wina aliyense mwinimbumba alipo. Namwinoyo anaona kumene maso athu apita, nayenso n'kutembenukira komweko.

"Bambo, inu ndinu aakulu pano. Tiyambe ndi inu, enawa atsatire."

Atsibweni anavula chipewa, n'kuchiyang'ana m'kati nthawi yaitali ndithu. Kenako anachivalanso.

"Mayi, musatitenge ngati ana. Ine chipatala ndagwira zaka fifitini. Magazi amene mumatenga kwa anthuwa ndikudziwa kumene amapita. Ndawaona ndi maso angawa mabotolo akupakiridwa m'galimoto, kupita kwa azungu ndi kwa anthu a mabizinesi. Wodwala mumangomuika madzi ofiira. Wa mbumba yanga asayerekeze kulowa mmenemo."

Namwino anayesa kufotokoza, koma atsibweni sanamumvere. Mwamuna wa Felista, a Yohane, anaimirira n'kunena kuti iwo apereka. Atsibweni anati iwe ndiwe mkamwini, magazi ako ndi ako, kachite zimene ukufuna. A Yohane analowa, koma magazi awo sanagwirizane ndi a mkazi wawo. Namwino atatulukanso anayang'ana ine.

"Nanga iwe, mtsikana? Si mkulu wako ameneyu?"

Ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, wathanzi, wosenza thumba la chimanga ndekha. Amayi ananditsina pantchafu, ine n'kuzolika. Ndinamvera. Atsibweni anatuma munthu kukantini kukagula chakumwa chofiira cha m'botolo, akuti Felista amwe chibwezeretse magazi. Botolo lija linalowa m'wodi, ndipo linatuluka losatsegula, pamodzi ndi chitenje ndi mapatapata a Felista. Anamwalira cha m'ma 3 koloko masana, ndipo khandalo linamutsatira patangotha miyezi iwiri.

Pamaliro atsibweni anaimirira n'kulankhula nthawi yaitali. Anati achipatala anamulekerera Felista dala chifukwa tinakana kuwapatsa malonda awo, ndipo pakanapanda iwo, mbumba yonse ikanapopedwa tsiku limenelo. Anthu anagwedeza mitu. Kuyambira pamenepo nkhaniyi inakhazikika m'mudzi mwathu ngati lamulo. Otolera magazi akabwera kutchalitchi kapena kusukulu, atsibweni ankavala jekete loyera lija n'kukaima panjira, kubweza achinyamata. Nditapita kukoleji n'kuphunzira pang'ono za thupi la munthu, ndinabwera n'kuwafunsa pamaso pa anthu kuti galimoto imene inkanyamula magaziyo inali ya mtundu wanji. Anandiyankha kuti sukulu yandipengetsa, ndipo kwa chaka chathunthu sanayankhe moni wanga. Amayi ankandichonderera kuti ndikapepese, akuti mawu a akuluakulu amakoma akagonera. Agonera ndithu mawuwo, koma kukoma sindinakumve.

Panapita zaka khumi ndi ziwiri. Tsiku lina la msika m'mawa, atsibweni anawerama kuti atsitse sutikesi pa njinga paja pa Kamwendo, n'kungolira kuti msana, msana. Anagwa pansi, thukuta lili kamukamu, nkhope itatuwa. Anthu anawanyamula pa galimoto ya matola kupita kuchipatala cha pa boma, ndipo ine anandiitana ndili m'kalasi. Adokotala a kumeneko atangowagwira pamimba anati izi si za kuno, n'kuitanitsa ambulansi. Tinakwera ine ndi aNambewe. Abale ena anatsatira pa matola, anthu khumi ndi awiri, amuna ndi akazi a mphamvu zawo, ena atanyamula ufa ndi nkhuni zokaphikira kuchitando cha odikirira odwala.

Ku Lilongwe tinafika dzuwa lili paliwombo. Dokotala wa opaleshoni anali bambo wofatsa, wa imvi zochepa, wolankhula mosathamanga ngakhale zinthu zinali zothamanga. Anatitengera pambali ine ndi aNambewe.

"Mtsempha waukulu waphulika," anatero, "koma mwamwayi waphulikira chakumsana. Magazi atuluka n'kuundana pomwepo, ndipo oundanawo ndi amene atseka pong'ambikapo. N'chifukwa chake akadali moyo. Koma sizikhalitsa. Tikatsegula mimba, chotsekacho chichoka. Ife tithamangira kupana mtsemphawo chakumtunda, tisokerere kapaipi m'malo mwa pamene pawonongeka. Vuto ndi lakuti munthu akataya magazi ambiri, thupi n'kuzizira, ife n'kumamuthira madzi a diripi, magazi otsalawo amasungunuka, saundananso. Zikafika pamenepo, paliponse pamene tadula kapena tasoka pamangochucha. Kodi pali mankhwala amene amamwa?"

"Ayi, samwa mankhwala," anatero aNambewe. "Iwowa ndi amene amapatsa anzawo."

"Amamwa asipirini," ndinatero ine.

"Aa, amenewo si mankhwala, amangomwera tiyi."

"Angati?" anafunsa dokotala, akuyang'ana ine.

"Anayi m'mawa, awiri madzulo. Zaka zoposa makumi awiri."

Dokotala anatsinzina pang'ono, n'kupumira m'mwamba. Anati asipirini amafooketsa tizinthu ta m'magazi timene timayamba kugwirana munthu akavulala, ndipo mphamvu yake siitha tsiku limodzi. Anati kunkhokwe ya magazi kuli mapaketi ochepa ogwirizana ndi magazi awo, osakwana n'komwe ntchito ngati imeneyi, ndipo chimene chingawathandize kwambiri ndi magazi ongotengedwa kumene kwa anthu, chifukwa amenewo amakhala adakali ndi mphamvu youndana.

"Mwabwera abale angati?"

"Khumi ndi awiri ali panja."

"Ndiye mwina Mulungu ali nafe. Kawaitaneni onse apite ku labu. Ife tikukonzeka."

Atsibweni anali pa kabedi ka matayala m'khonde, diripi ili kumanja onse awiri. Anali atamva zonse. Anatuma aNambewe kuti akatenge kolona yawo m'thumba la jekete, ndipo atangochoka anandigwira pamkono. Dzanja lawo linali lozizira ngati mwala wa kudambo.

"Rozina, kawauze apereke."

"Apereke chiyani, atsibweni?"

"Usandizunze. Wamva zimene anena adokotala."

"Nanga si amagulitsa?"

Anayang'ana kudenga. Ndinkadziwa kuti ndikuchita nkhanza kwa munthu amene ali pakati pa moyo ndi imfa, ndipo sindinaleke.

"Sagulitsa," anatero kenako. "Ndaona anthu atayera kale m'maso, atawaika magazi n'kudzuka. Ndinkakolopa pansi pa mabedi awo."

Aka kanali koyamba kumva mawu akuti kukolopa akutuluka pakamwa pawo.

"Nanga Felista?"

"Namwino uja anati tiyambe ndi ine. Magazi asanawatenge amayamba ayeza. Ku Zambia kuja ine sindinkayenda bwino, Rozina. Anzanga amene ndinkayenda nawo anali atayamba kale kutha ndi matenda aja. Ndinaopa kuti atuluka n'kunena pamaso pa mbumba kuti a Dokotala, magazi anu sitingawatenge."

"Mukanangoti mukudwala malungo. Mukanatisiya ifeyo tipereke."

"Wamkulu akakana, ana n'kupereka, anthu amafunsa chifukwa."

Amati mutu ukakula sulewa nkhonya. Uwu unalewa, ndipo nkhonyayo inakagwera Felista. Sindikudziwa ngati matenda amene ankawaopawo anali nawo n'komwe. Chimene ndikudziwa n'chakuti anakhala zaka khumi ndi ziwiri pambuyo pake akupalasa njinga, osagonekedwapo ngakhale ndi chifuwa.

"Izi usakawauze," anatero, akundifinya mkono. "Ukangoti Dokotala walola. Undisungire ulemu wanga, mwana wa mlongo wanga."

Abale ndinawapeza pansi pa mtengo pafupi ndi chitando, ena atayamba kale kusonkha moto. Ndinaima pakati pawo n'kunena kuti atsibweni akufunika magazi ambiri, ndipo iwo eni akuti tipereke. Anayang'anizana. Amene anayankha anali a Damiyano, mng'ono wawo wa atsibweni, amene ankayembekezeka kudzatenga udindo wa mbumba.

"Anena okha zimenezo?"

"Okha, ndi pakamwa pawo."

"Munthu ali pa ululu, ndiponso amubaya majakisoni osokoneza mutu. Dokotala amene timamudziwa ife sanganene zimenezo. Si uja anatiuza kuti tsiku lina achipatala adzatinyengerera ndi mawu okoma? Anthu khumi ndi awiri nthawi imodzi, wodwala mmodzi? Iwe Rozina, sukuona kuti awa ndi malonda?"

Ena anavomereza. Mayi wina anabwereza nkhani ya mabotolo opakiridwa m'galimoto, mawu ake omwewo, ngati akuwerenga. Atsibweni anali ataphunzitsa bwino, ndipo ana asukulu awo anakhoza mayeso.

Apa ndiye pali mbali yanga, ndipo sindiibisa. Ndinali nawo pakamwa mawu amene akanawagwedeza. Ndikanati nkhani ya galimoto ija inali bodza, munthuyo ankangoopa kuyezedwa, wavomera yekha, ndipo Felista anafera mantha a mwinimbumba wake. Mwina ena akanakana ndithu, koma anayi kapena asanu akanadzuka, ndikudziwa. Sindinanene. Kwa nthawi yaitali ndinkadziuza kuti ndinakhala chete chifukwa eni ake anandipempha. Koma ndikadzifunsa moona, mbali ina ya mtima wanga inali idakali pakhonde la chipatala cha mishoni chija, ikuyang'ana botolo losatsegula. Ndinanena kamodzi kuti tiyeni tikapereke, sindinabwerezenso. Chaona mnzako chapita, mawa chili kwa iwe, ndinatero chamumtima, ndipo ndinatembenuka.

Ku labu tinapita awiri. ANambewe anawabweza, akuti ndi okalamba ndipo magazi awo omwe ndi ochepa. Anga anagwirizana. Ndinagona pa kabedi ndikuyang'ana paketi ikudzaza pang'onopang'ono, ndipo zonse zinatha m'mphindi zochepa, zosapweteka kuposa minga ya m'munda. Chinandiliza ndi chimenecho. Chinthu chaching'ono chotere, chimene thupi limabwezeretsa lokha, ndi chimene ndinamumana mkulu wanga. Musaganize kuti ndinapereka chifukwa cha chikondi. Anali magazi a Felista amenewo, anangofika mochedwa ndi zaka khumi ndi ziwiri, kwa munthu wolakwika.

Opaleshoni inatenga maola ngati atatu. Dzuwa litapendeka dokotala anatuluka, chovala chake chitanyowa kuyambira pachifuwa kutsika. Anakhala nafe pa benchi, chinthu chimene sindinkayembekezera kwa munthu ngati iye.

"Mtsempha tinaupana, kapaipi tinasokerera, ndipo kanagwira bwino," anatero. "Koma magazi anakana kuundana. Anali ngati madzi. Ankatuluka paliponse pamene singano yadutsa, m'mphepete mwa bala, ngakhale pamene tinabaya diripi. Tikatseka apa, patuluka apo. Titaika anu aja, mayi, anayamba ngati akugwirako pang'ono. Tikanakhala ndi ena angapo otero, sindikulonjeza kuti akanachira, chifukwa matendawa amapha ambiri ngakhale zonse zilipo, koma tikanalimbana nawo. Pepani."

ANambewe anagwa pansi n'kuyamba kulira. Ine ndinangokhala. Patapita kanthawi chitseko cha fiyeta chinatsegukanso, n'kutuluka bambo wina wovala majombo, chikolopa kudzanja lina, ndowa kudzanja lina. Madzi a m'ndowamo anali ofiira. Anatipatsa moni mwaulemu, n'kupempha kuti tisunthe miyendo adutse. Ndinamuyang'ana mpaka anakhota, ndikudziwa kuti m'ndowa imeneyo muli magazi a atsibweni, muli a anthu osawadziwa amene anapereka kunkhokwe, mulinso anga. Bamboyo ankagwira ntchito yake bwinobwino, ndipo sankadzitcha dzina la wina.

Pamaliro a Damiyano anauza anthu kuti achipatala anawapopa dala a Dokotala, chifukwa ankadziwa kuti ndi amene ankaulula zinsinsi zawo. Anati umboni wake ndi wakuti thupi linabwera loyera ngati pepala. Anthu anagwedezanso mitu, ndipo ena anandiyang'ana cham'mbali, poti zinamveka kuti ine ndinalowa ku labu. Ndiye onani mmene munthuyu analili ndi mwayi: bodza lake linamupha, imfa yakeyo n'kusanduka umboni wa bodza lomwelo.

Dzulo ndinapita kumudzi kukaona zokonzekera. Nyumba ya atsibweni ikadali momwemo, kungoti njinga inapita kwa a Damiyano ndipo sutikesi ili pansi pa bedi, mapiritsi ake atasanduka ufa. Mpando wandalema uja uli pakhonde pomwe paja. ANambewe amautulutsa m'mawa, kuupukuta, madzulo n'kuulowetsa. Nsalu yake inalowa m'kati potsata msana wa mwini wake, ndipo ili ndi timabowo totenthedwa ndi chingambwe. Pansi pake pali kachitini ka asipirini kochita dzimbiri, kamene palibe akufuna kukataya. Anthu akabwera amakhalabe pansi mouzungulira, ndipo akamalankhula nkhani ya matenda amatsitsa mawu n'kuuyang'ana, ngati uyankha.

Pamenepo ndi pamene ndinamupeza Monika, mwana wa Felista uja, atatsamira chipupa, miyendo itatupa. Ali ndi pakati pa miyezi isanu ndi itatu, mimba yake yoyamba. Nkhope ndi ya mayi ake yeniyeni, mpaka kampata ka m'mano. Ndinamufunsa za kusikelo.

"Akuti magazi ndi ochepa, amayi aang'ono. Akuti tsiku lochira ndidzabwere ndi abale oti akhoza kupereka, mwina zingavute."

"Ndiye wawauza abalewo?"

"Aa, ndiwauze chiyani? Agogo a Dokotala ankati amagulitsa. Ndikumwa chidede, andiuza kuti chimawonjezera."

Azimayi amene anali pamenepo anavomereza, mmodzi n'kuloza mpando uja ndi mutu.

Loweruka tikachoka kumanda, anthu onse adzasonkhana pakhonde limenelo kuti adye. Mbiri yokoma ija ailembe okha n'kukaiwerenga a Damiyano, ndawasiyira. Ine ndidzadikira kuti onse akhale pansi, ndidzakhale pampando wandalemawo, Monika ndimukhazike pambali panga, ndiwerenge pepala lino kuyambira pamwamba mpaka pansi, ndi mbali yanga yomwe. Ndikudziwa kuti ena sadzandipatsanso moni. Atsibweni anandipempha kuti ndiwasungire ulemu wawo, koma ine ndinawamvera kawiri, ndipo kawiri konseko tinakumba manda.